Malemu Mwamuna Wanga Ankaimba Foni Lamlungu Lililonse

1

Mwamuna wanga Cayetano anamwalira mu Epulo, koma mpaka Januwale ankaimba foni Lamlungu lililonse. Musathamangire kuganiza za mizukwa. Amene ankamuimbitsa foniyo ndinali ine.

Ndine Zulema. Kwathu ndi ku Corrientes, kumpoto kotentha, koma ukwati unandiponya kuno ku Mar del Plata, kudera la kudoko, kumene ngakhale zovala zoyanika pachingwe zimanunkha nsomba. Ntchito yanga ndi yotumbula nsomba pafakitale. Cayetano anali msodzi wa sitima zikuluzikulu zija zimapita kunyanja ya kumwera n'kukakhalako miyezi. Tinkakhala m'nyumba ya mayi ake, Donya Assunta. Iwo ankakhala m'mwamba, ife pansi, pakati pathu pali masitepe ndi nkhondo ya zaka makumi awiri.

Apongozi angawo sanandikondepo, ndipo sankabisa. Ndikawathirira tiyi wathu wowawa wa m'chikho, womwera kapaipi, ankangoyamwa kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Wabwatitsanso madzi. Masambawa amalimidwa kwanu komweko, koma kuthira kokha kunakukanika?"

"Ngati ndi woipa bwezani, Donya Assunta. Pakhosi ndili napo, ndimwa ndekha."

"Imwa ndithu. Mwina m'mimba mwakomo mungakhaleko kanthu."

Ine ndi Cayetano sitinaone mwana, ndipo iwo ankandikumbutsa zimenezi ngati ndine woiwalaiwala. Nanenso pakamwa sipankandilemera. Ndinkabweza mpaka Cayetano akwere masitepe kudzatileretsa, uku akuseka kuti namondwe wa kunyanja ndi wabwinoko chifukwa amatha.

Mu Epulo muja apongozi anali atangotuluka m'chipatala, atachitidwa opaleshoni ya mtima. Masana ena ndikuweruka kuntchito ndinapeza mlamu wanga Genaro, mkulu wake wa Cayetano, ataima pageti chipewa chili m'manja. Mkazi wa msodzi safuna kuuzidwa zambiri.

"Sitima yamira?"

"Sitima ili bwinobwino, mlamu. Ndi mtima. Wangogwa akukoka ukonde."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndilire. Genaro anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zala zake zinadinda.

"Osati pano, ndipo osati kunyumba. Dokotala ananenetsa kuti amayi asadzidzimutsidwe ndi chilichonse. Akamva zimenezi tiika awiri. Pirira kaye milungu ingapo, akalimba tidzawauza."

Ndinameza kulira kuja. Sindinkadziwa kuti kukhala pakhosi pomwepo mpaka chaka china.

2

Genaro anapita yekha kumwera kumene sitima inatsitsa mtembo, n'kukauwotchetsa komweko. Anati tikabwera nawo kuno msewu wathu udzaza anthu, ndipo amayi aona pawindo. Motero munthu amene anakalambira panyanja anabwerera kwawo m'kabokosi kamatabwa kokwana m'chikwama, popanda maliro, popanda mnzake ngakhale mmodzi womunyamula. Kabokosiko ndinakaika m'wadiropu kuseri kwa mabulangete, pamodzi ndi jombo zake.

Anthu apadoko anamva onse, koma Genaro anayenda khomo ndi khomo kuwatseka pakamwa. Wailesi ya apongozi anaitenga kuti akaikonzetse, ndipo sinabwerenso. Azimayi anzawo okalamba anawauza kuti dokotala waletsa alendo. Ine anandiletsa kuvala chakuda chilichonse. Iyeyo ankangobwera Lamlungu, kupsompsona mayi ake pachipumi, kuyang'ana wotchi, n'kumapita. Wokwera masitepe aja m'mawa, masana ndi madzulo ndinali ine.

Tsiku lotsatira uthenga uja ndinawapititsira tiyi ngati palibe chachitika.

"Wabwatitsanso madzi."

"Pepani amayi, ndikatenthetsa ena."

Ndinatsika msanga kuti asaone maso anga.

Cayetano akakhala kunyanja ankaimba Lamlungu. Choncho Lamlungu loyamba ndinakwera ndi bodza langa m'manja.

"Waimba mukugona. Akuti nsomba zikugwidwa kwambiri, akupatsani moni."

"Oho. Wati chiyaninso?"

"Akuti... akuti wophika wawo wapsereza mphodza, onse agona ndi buledi."

"Wati chiyaninso?"

Umu ndi mmene zinayambira. Lamlungu lililonse ankafuna zambiri, ine n'kumapeka zambiri: za mphepo, za mbalame imene inatera pamutu pa kaputeni, za dzino limene linkamuwawa. Ndinayamba kulankhula ngati iye, ndi nthabwala zake zomwe.

Kutayamba kuzizira anandituma ulusi. Chaka chilichonse ankalukira Cayetano juzi yatsopano.

"Ukagule wakuda."

"Wakuda? Cayetano savala zakuda, amati zimaitana tsoka panyanja."

"Akuluka ndiwe kapena ine?"

Ndinkakhala pambali pawo manja ali tambalale, ulusi uli m'mikono, iwo akukulunga. Nthawi zina ankati, "Tatembenuka ndiyesere pamsana pakopo, mwiniwake ndidzamuwonjezera." Ndinkatembenuka mosangalala ndithu, chifukwa msana sulira. Kale juzi ankaimaliza mwezi umodzi, koma iyi inkangokwawa. Ndinkati ndi ukalamba.

Nyengo ya nsomba za kumwera inatha. Ndinati wasamukira pa sitima ina. Kenako ndinati injini yawonongeka padoko lakutali. "Milungu ingapo" ya Genaro inadya nyengo yonse yozizira, ndipo ndikamufunsa ankangoti, "Ukuona mmene akunenepera? Usasokoneze."

3

Choyamba kundithawa chinali mpweya. Ndikafika pakati pa masitepe chifuwa chinkamangika, manja kuchita dzanzi, khoma kuyamba kuzungulira. Ndinkakhala pansi chikho chili m'manja mpaka zitadutsa, kenako n'kukonza nkhope n'kumapitiriza. Kuntchito ndinadzicheka chala kawiri, ine amene ndinkatumbula nsomba uku ndikuyang'ana kumbali. Chakudya chinasiya kukoma. Mchemwali wanga ankaimba kuchokera ku Corrientes kuti ndibwere ndikapumeko, koma ndikanachoka bwanji? Foni ya Lamlungu akanailandira ndani?

M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkatsegula wadiropu n'kumufunsa: "Cayetano, Lamlungu lino ndikanene kuti wati chiyani?" Poyamba ndinkadziwa kuti ndikulankhula ndi kabokosi. M'kupita kwa nthawi ndinayamba kudikira yankho.

Mu Okutobala ndinamva kuntchito kuti sitima yake yakale ikufika masana. Zimene ndinachita ndikuzikumbukira bwinobwino, ndipo n'zimene zimandiopsa, chifukwa mutu wanga unali phee. Ndinapita kunyumba, ndinasamba, ndinadzola milomo, ndinagula makeke a jamu amene ankawakonda, n'kukaima padoko pakati pa akazi anzanga. Amuna anayamba kutsika. Aliyense akandiona ankavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Atatha onse ndinagwira wophika wawo malaya.

"Cayetano watsalira m'kati?"

Amene anandikoka anali Nilda, mnzanga wa kuntchito, amene mwamuna wake anali pa sitima yomweyo. Anandikhazika pa mulu wa maukonde n'kundilanda makeke aja.

"Zulema, tandiyang'ana. Cayetano ali kuti?"

"Ali m'wadiropu," ndinayankha.

"Lachiwiri ukupita kwa Perla, wa zamaganizo uja. Ndikuperekeza ndekha mpaka pakhomo."

"Ine si wamisala."

"Wati ndiwe wamisala ndani? M'tauni muno ndani alibe wake wokamuuza mavuto? Ine ndimapita. Kapitawo wathu amapita. Ngakhale wogulitsa nyama uja amapita, ukuona ngati anasiya bwanji kutukwana makasitomala?"

"Genaro akamva..."

"Genaro amagona kwake, ali ndi mkazi ndi ana omusisita. Iwe ukugona ndi maliro m'chipinda. Dzuka, ukudetsa diresi."

4

Mayi Perla ndi katswiri wa zamaganizo, mayi wamfupi wa magalasi ndi imvi zosabisa. M'chipinda chawo munali mipando iwiri ndi windo loyang'ana khoma la nyumba ina. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

"Chakubweretsani n'chiyani, a Zulema?"

"Mpweya umandithera pamasitepe."

"Masitepe alionse?"

"Ayi. A kunyumba okha."

"Pamwamba pa masitepewo pali chiyani?"

"Apongozi."

"Aa," anatero akumwetulira. "Pamenepo ambiri mpweya umawathera. Amuna anu ali kuti?"

"Ali kunyanja."

Inde, owerenga, ndinawanamizanso mayi amene ndinapitako kuti andithandize. Bodza linali litandizolowera pakamwa moti linkatuluka lokha. Lachiwiri lililonse ndinkawasimbira zimene Cayetano wanena pafoni, iwo n'kumamvetsera osanditsutsa. Ankangondiphunzitsa kapumidwe koti chifuwa chikamangika ndisagwe, n'kumandifunsa ngati ndadya. Ndinkatuluka nditakwiya, ndikuti munthu wamtundu wanji wa mafunso okhaokha ngati wapolisi.

Tsiku lina ndinalakwitsa ndekha. Ndinkadandaula kuti m'chipinda mwanga mukununkha mchere chifukwa cha jombo za Cayetano, ndipo ndikulephera kuzitulutsa panja.

"Jombo zimene amavala pantchito?"

"Zomwezo."

Mayi Perla anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"A Zulema, msodzi ali kunyanja, jombo zake zili kunyumba?"

Ndinayang'ana khoma lija la pawindo. Ndinafuna kupeka china, kunena kuti anagula zatsopano, koma kwa nthawi yoyamba mutu wanga unakana.

"Anamwalira," ndinatero. Mawuwo anatuluka ngati munga wa nsomba. "Cayetano anamwalira. Anamwalira mu Epulo, ndipo ine sindinalire."

Ndinalira tsiku limenelo mpaka ndinasanza. Iwo sananene kuti ndilimbe mtima, sananene kuti Mulungu akudziwa. Anangokoka mpando wawo n'kukhala pafupi. Nditatopa anati, "Nenaninso." Ndinanenanso. Kuyambira pamenepo chipinda chija chinakhala malo okhawo padziko pamene mwamuna wanga anali wakufa ndipo ine ndinali wamasiye. Ndikatuluka pakhomo pawo ankadzukanso n'kubwerera kunyanja.

"Ndiwauze apongozi?" ndinkafunsa.

"Zimenezo sindingakusankhireni. Koma ndifunse: amene anakutsekerani m'nyumba muja ndi dokotala, ndi mlamu wanu, kapena ndi mantha? Munamufunsapo dokotalayo nokha?"

Sindinali nditamufunsapo.

"Chinanso. Apongozi anu amafunsa kuti mwana wawo abwera liti?"

Ndinaganiza. "Ayi. Amangofunsa kuti wati chiyani."

"Oho."

"Akalamba, masiku anawasokonekera."

"Mwina," anatero, n'kuvalanso magalasi.

5

Kumapeto kwa Januwale kumakhala chikondwerero cha asodzi. Mabwato achikasu amatuluka padoko atanyamula chifanizo cha woyera mtima wathu, ndipo mabanja amaponya maluwa m'nyanja kukumbukira amene anapita. Cayetano ankanena chaka chilichonse, mowa uli m'manja, kuti iye tisadzamutsekere m'manda ngati nsomba ya m'chitini, tidzamuthire pomwepo. Tsikulo likuyandikira, wadiropu ija inayamba kundilemera kuposa kale.

Ndinapita ndekha kwa dokotala wa mtima. Atamva nkhani yonse anagwira mutu.

"Mayi, ine ndinanena za milungu yoyambirira atachitidwa opaleshoni. Sindinanene za moyo wawo wonse."

"Ndiye ndikawauza sadzafa?"

"Zimenezo sindingalonjeze. Mtima wawo ndi wokalamba. Ungapirire, ungalephere."

Ndinatuluka ndi katundu yemwe uja, kungoti tsopano anali wanga ndekha.

Genaro ndinamukumaniza m'khitchini mwanga atatsika kwa mayi ake. Tinkakangana monong'ona, ndipo palibe mkangano woipa ngati umenewo.

"Lamlungu la chikondwerero ndikuwauza."

"Wapenga? Ukufuna kupha amayi anga chifukwa kamayi kena ka magalasi kakuuza?"

"Sanandiuze kanthu. Ndatopa, mlamu. Ndikufa choimirira."

"Watopa! Zaka zonsezi umafuna atafa, lero wapeza njira."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa masiku ena akale ndinkalakalakadi kukhala m'nyumba yopanda munthu m'mwamba.

"Tamvera," anapitiriza, chala chili pamphuno panga. "Ukakwera masitepe amenewo iwo n'kugwa, doko lonse lidziwa kuti wawapha ndiwe. Sudzayendanso mumsewu uno."

"Nanga iwe bwanji sutha kukhala m'chipinda chawo mpaka tiyi azizire? Ukuthawa chiyani, Genaro? Mng'ono wako unamulira liti?"

Anatola chipewa n'kutuluka osatseka chitseko.

Lachiwiri lomaliza chikondwerero chisanafike ndinauza mayi Perla mmene zinalili.

"Ndikawauza angafe. Ndikapanda kuwauza, ndidzapezekanso padoko ndi makeke, ndipo ulendo uno sindidzabwerera m'mutu mwanga."

"Tinene kuti mwawauza ndipo ali moyo. Inuyo mudzatani?"

"Ndibwerera kwathu ku Corrientes. Ndikhaliranji kuno? Chimene chinkandimanga m'nyumba muja ndi Cayetano yekha."

"Iwo akudziwa zimenezo?"

"Amene sadziwa ndani? Takhala tikuuzana zaka makumi awiri."

6

Lamlungu lija kunacha kotentha. Mabelu a tchalitchi ankalira, ndipo mumsewu munkadutsa anthu atanyamula maluwa. Ndinatulutsa kabokosi kaja, ndinakapukuta fumbi ndi siketi yanga, ndinaika mankhwala a mtima a apongozi m'thumba, n'kuyamba kukwera. Pakati pa masitepe mpweya unathawa monga mwa masiku onse. Ndinaima, ndinapuma mmene anandiphunzitsira mayi Perla, n'kunena chapansipansi kuti, "Cayetano anamwalira." Chifuwa chinamasuka. Ndinakwera otsalawo.

Apongozi anali pampando wawo wa pawindo, atapesa tsitsi bwinobwino, akuyang'ana anthu mumsewu. Sanatembenuke.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Muike mwana wanga pamiyendo panga pano. M'wadiropu muja wakhalitsamo."

Miyendo inandipititsa yokha, ndinakaika kabokosi kaja pamiyendo pawo. Anakafungatira ndi manja onse awiri.

"Wakuuzani ndani?"

"Iweyo. Tsiku lija ndinakunena za madzi, iwe n'kuti, 'Pepani amayi.' Chibwerere m'nyumba muno sunandipepesepo, sunanditchulepo amayi. Ndinangoti mumtima, mwana wanga wapita. Kenako wailesi yanga inadwala, anzanga onse analetsedwa. Ine ndinakwatiwa ndi msodzi, ndinabala asodzi, ukuganiza kuti sindidziwa mwezi umene nyanja ya kumwera imatsekedwa? Ndiponso pansi pa chipinda chino m'pamatabwa. M'mawa uliwonse ndimakumva ukumufunsa zoti udzandiuze."

Ndinkayembekeza kuti tsiku limenelo ndidzagwada n'kupempha chikhululukiro. M'malo mwake mkwiyo unandikwera kuchokera kumapazi.

"Ndiye munangondisiya? Miyezi yonseyi ndikupeka mabodza, ndikugwa pamasitepe, ndinatsala pang'ono kupenga pamaso pa doko lonse, inu mukudziwa? Ndinu munthu woipa, Donya Assunta!"

"Eya, wabwerera tsopano," anatero. "Ndimakusowa."

"Musandiseke!"

"Sindikuseka. Ndinakusiyadi, ndipo ndinkaona ukuwonda." Anasisita kabokosi kaja, maso ali pansi. "Ndikanati ndadziwa, tikanalira, tikanamuthira m'nyanja, kenako iwe ukanamanga katundu wako. Ukanakhaliranji? Mwana ulibe, ndipo amene ankakukumbutsa zimenezo tsiku ndi tsiku ndine. Genaro amandikonda, koma satha kundiyang'ana m'maso. Ndikanatsala ndi khoma."

Anakweza maso n'kupitiriza.

"Si zokhazo. Lamlungu lililonse unkabwera naye m'chipinda muno. Mbalame pamutu pa kaputeni! Ndi iye yekha akananena zopusa ngati zimenezo, ndipo ndiwe wekha ukanadziwa kuti akanatero. Ndinkadziwa kuti ndi bodza, koma ndinkamumva. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa nditaya awiri."

Mawu anawathera. Ndinathamangitsa dzanja m'thumba kufuna mankhwala.

"Mtima?"

"Siya zimenezo. Mtima wanga unamva kale mu Epulo, ndili ndekhandekha m'chipinda chino, ndipo sunaime. Tenga icho chili pansi pa pilo."

Inali juzi ija, itatha. Ndinaitambasula. Mapewa ake anali opapatiza, mikono yaifupi. Cayetano, chimunthu chija, sakanalowetsamo ngakhale mutu.

"Ndinkailuka pang'onopang'ono dala," anatero. "Koma mkazi wa mwana wanga sangapite kukamutsanzika atavala zamaluwamaluwa ngati wopita kudansi. Vala."

Ndinagwada pambali pa mpando wawo, nkhope ndinaiika pa kabokosi, ndipo tinalira awiri mokweza, windo lili lotsegula, msewu wonse ukumva.

7

Genaro anatipeza tili choncho. Ataona kabokosi pamiyendo pa mayi ake anaima pakhomo ngati wagwidwa akuba.

"Chitsiru iwe," anatero apongozi, "bwera undinyamule, mabwato atisiya. Ndipo wailesi yanga ubweze."

Bambo wamkulu uja anagwa ndi mawondo n'kulira ngati mwana. Atatha anawanyamula m'manja mwake n'kutsika nawo masitepe amene anali asanatsike chichokereni kuchipatala. Achibale a Nilda anatipatsa malo m'bwato lawo. Ine ndinali mu juzi yakuda ya ulusi wokhuthala pakati pa dzuwa la Januwale, thukuta lili kamukamu, ndipo sindinaivule. Titatuluka padoko sitima zonse zinaliza malipenga. Apongozi anagwira mbali imodzi ya kabokosi, ine inayo, Genaro atatigwira m'chiuno kuti tisagwe, ndipo Cayetano anapita kumene ankafuna. Anzake anavula zipewa, ulendo uno akundiyang'ana m'maso.

Ndisakunamizeni, owerenga anzanga, poti mabodza ndinapeka okwanira. Sindinachire tsiku limenelo. Chisoni chimene ndinachitsekera m'wadiropu chinatuluka chonse nthawi imodzi, ndipo panali masiku amene ndinkalephera kudzuka pabedi. Kwa mayi Perla ndimapitabe Lachiwiri. Amafunsabe mafunso awo, ine ndimakwiyabe, koma tsopano ndimayankha zoona. Apongozi nawonso anafuna katswiri wawo. Anati akhale wamwamuna, wachikulire, osati wanga amene anamva kale mbali yanga yokha.

Ngati m'nyumba mwanu muli imfa imene mukuiyenda mozemba, kapena chisoni chimene munauzidwa kuti muchimeze pofuna kuteteza wina, ndikupempheni chinthu chimodzi. Pezani chipinda, ngakhale chimodzi, ndi munthu wodziwa kumvetsera, pamene mungatchule chinthucho ndi dzina lake mokweza. Ine ndinkaganiza kuti ndikuteteza nkhalamba, nkhalambayo inkagwiritsa ine, Genaro ankathawa mng'ono wake, ndipo tonse atatu tinali m'ndende imene chitseko chake sichinali chokhoma.

Ku Corrientes ndinapitadi. Apongozi sanandiletse. Tsiku lonyamuka anangoti ndisaiwale juzi, ngati kwathu kumazizira. Ndinakhala kwa mchemwali wanga mwezi wathunthu, ndinadya, ndinagona, ndinayang'ana mtsinje. Palibe amene ankandidikira ndi foni, palibe chimene chinkandimanga kulikonse. Ndipo m'mawa wina ndinakwera basi yobwerera kudoko, chifukwa ndinafuna.

Ndinafika masana. Ndinaika chikwama pansi, ndinatenthetsa madzi, ndinakwera masitepe onse popanda kuima. Anali pampando wawo, wailesi ikulira. Sanandipatse moni. Analandira chikho, anayamwa kamodzi, n'kukwinya nkhope.

"Wabwatitsanso madzi."

"Ngati ndi woipa bwezani, Donya Assunta."

Sanabweze.